Anamuuza kuti apirire: tikambe za fistula

Awa ndi mawu omwe tinayankhula pa macheza athu a pa 23 May, tsiku lomwe dziko lonse limakumbukira nkhondo yothana ndi fistula ya uchembere. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano, ndiye nawa. Ndi ataliko, koma werengani mpaka pansi chifukwa kuli ntchito yanu kumeneko.

Achemwali, asisi, ndi amayi amene mwatiperekeza, takulandirani nonse. Akumbuyoko mukutimva? Chabwino. Mafoni musazimitse, tiwafuna tikamamaliza, ingowatontholetsani kaye.

Tiyambe ndi funso. Osakweza dzanja, yankhani chamumtima. Ndani mwa ife anakulira pamudzi, kapena ankapitako pa holide, pomwe panali mayi wina amene ana sitinkamuyandikira? Mayi uja wokhala pamkeka wake yekha pamaliro. Kutchalitchi ankafika mochedwa, n'kukhala pafupi ndi chitseko, n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Pachingwe pake nsanza sizinkachoka, kuchapa m'mawa, kuchapa madzulo. Akuluakulu ankangoti ndi wodwala ameneyo, ena amvekere analodzedwa, ena amvekere anayenda moipa ali ndi pakati. Ife tinkagwira mphuno n'kuthawa tikuseka. Sitikukumbutsana izi kuti tichititsane manyazi, tinali ana. Koma lero takula, ndipo matenda a mayi uja ali ndi dzina. Ndi fistula, m'madera ena amati kadzamkodzo. Chopweteka n'chakuti zaka zonse tinkamuthawa zija, mwina opareshoni ya maola awiri ikanamubwezera pagulu.

Mawu akuti fistula ndi a Chilatini, kwawoko amatanthauza kampope. Madokotala amatchula choncho bowo lililonse limene lalumikiza ziwalo ziwiri zosayenera kulumikizana, kaya thumbo ndi khungu, kaya thumbo ndi chikhodzodzo. Ndiye si ya akazi okha ayi. Ilipo ina imene imayamba ngati chithupsa pafupi ndi potulukira chimbudzi, chikaphulika n'kusiya kanjira kotuluka mafinya kosapola. Imeneyo imakonda amuna kuposa akazi. Madokotala amakatsegula kanjirako kuti kapole kuyambira pansi, kapena amapisamo kaulusi kapadera kuti mafinya azituluka mpaka papole. Mfumu ya ku France, Louis XIV, inadwala imeneyi n'kuchitidwa opareshoni mu 1686. Dokotala wake, Charles-François Félix, anayamba wayeserera kaye pa anthu osauka asanakhudze thupi la mfumu, ndipo itachira anapatsidwa ndalama zankhaninkhani ndi malo. Taonani nokha. Bowo likakhala pathupi pa mfumu, dziko lonse limaimirira. Likakhala pathupi pa mtsikana wa kumudzi, amam'mangira kanyumba kuseri.

Imene tabwerera lero ndi ya uchembere. Tilongosole thupi lathu momasuka, tili tokhatokha muno. Njira yodzera mwana ili pakati. Kutsogolo kwake kuli chikhodzodzo, kumbuyo kuli thumbo la chimbudzi. Zogawa zipinda zitatuzi ndi timakoma ta mnofu topyapyala, ndipo zonse zazunguliridwa ndi mafupa a m'chiuno. Matenda akayamba, chiberekero chimakankha mwana kuti atsike. Nthawi zambiri amadutsa bwinobwino. Koma nthawi zina sadutsa: mutu wakula kuposa mpata wa mafupa, kapena mwana wagona chopingasa, kapena watsogoza chipumi m'malo mwa liwombo. Chiberekero sichidziwa zimenezo, chimangokankhabe. Mutu wa mwana umapanikiza mnofu uja pafupa, usiku wonse, tsiku lachiwiri, ena mpaka lachitatu. Tayesani kumanga chala ndi mphira mwamphamvu muone mmene chimasinthira mtundu pakangopita mphindi zochepa. Mnofu wopanikizidwa sulandira magazi, ndipo mnofu wosalandira magazi umafa.

Mwana kawirikawiri sapulumuka. Pa amayi 10 amene apezeka ndi fistula ya mtunduwu, pafupifupi 9 amakhala kuti anabereka mwana wakufa. Mayi amabwerera kunyumba chimanjamanja, mabere akutuluka mkaka. Pakapita masiku angapo, mwina atatu, mwina sabata, mnofu wakufa uja umayoyoka n'kusiya bowo. Amadzuka m'mawa, apeza pogona panyowa. Amaganiza kuti wadzikodzera chifukwa chofooka. Mawa lake chimodzimodzi. Akaimirira mkodzo ukutsika m'miyendo, osaumva, osatha kuugwira, chifukwa sukudzeranso njira yake ija yokhala ndi chotsekera. Bowo likakhala kumbuyo, chimbudzi ndi mpweya zimatulukira kutsogolo. Ena amakhala ndi mabowo onse awiri. Enanso phazi limafooka, amayenda molikoka, chifukwa mutu wa mwana unapanikizanso mitsempha yopita kumwendo.

Tsopano funso lathu ngati gulu lomenyera ufulu wa amayi nali. Maola onse aja, mayiyu anali kuti, ndipo anthu ankamuuza chiyani?

Ankamuuza kuti apirire. Mawu amenewa timawadziwa bwino, eti? Tinawamva kuchinamwali, tinawamva pa bridal shower, tidzawamvanso pa chinkhoswe cha mng'ono wathu. Banja ndi kupirira. Uchembere ndi kupirira, ife tinabereka ana eyiti pamphasa osalira. Ndiye matenda akayamba madzulo, woyamba kufunsidwa sakhala mwini mimba. Adikire abambo abwere, adikire apongozi aone kaye, adikire amalume avomereze, pakuti ndalama ya thiransipoti ili m'thumba la wina. M'madera ena mwana akachedwa kubadwa, amayi aakulu amamuzenga mlandu mtsikana ali pa ululu, ati aulule amuna amene anayenda nawo, mwana akukana kutuluka chifukwa cha chimasomaso. Ena amam'mwetsa mwanamphepo kuti matenda afulumire. Apa tamverani bwino: ngati mwana wakanirira pafupa, mankhwala owonjezera mphamvu ya chiberekero sakulitsa fupalo. Amangowonjezera kupanikiza, ndipo chiberekero chikhoza kung'ambika mayi n'kutisiya.

Akavomereza kuti apite, pali msewu. Usiku, dzinja, mlatho wakokoloka, ngolo kapena kabaza. Akafika pachipatala chaching'ono, pamenepo opareshoni sachita. Aitane ambulansi ya kuboma, ambulansi ilibe mafuta, kapena yapita kukatenga wina. Tonse taimapo pamzere wa mafuta m'tauni muno tikudandaula kuti tachedwa kuntchito. Kusowa kwa mafuta komweko, kwa mnzathu wina kumatanthauza maola ena sikisi mutu wa mwana uli pafupa. Akafika kuchipatala chachikulu, mzamba mmodzi akuyang'anira wodi yodzaza, chipinda cha opareshoni n'chimodzi ndipo muli kale munthu, magazi palibe. Azamba ali ndi pepala lotchedwa partograph, pomwe amalemba mmene khomo la chiberekero likutsegukira ndi mmene mwana akutsikira. Mzere ukapatuka, pepalalo limawauza kuti apa zavuta, chitanipo kanthu. Pepalalo n'lotchipa. Chosowa ndi munthu wokhala ndi nthawi yolilemba. Sitikunyoza azamba athu, ena ali muno, tikudziwa kuti amagwira ntchito ya anthu atatu pa malipiro a munthu mmodzi. Tikuloza amene amagawa ndalama za dziko.

Chimene chikanapulumutsa mayi uja ndi mwana wake yemwe ndi opareshoni yotulutsa mwana, siza, yochitika pa nthawi yake. Basi. N'chifukwa chake ku Ulaya ndi ku America fistula ya uchembere inasowa kalekale. Akazi akumeneko alibe chiuno chamtundu wina, mafupa ndi omwewa, ana okanirira aliko mpaka lero. Kusiyana kwake n'kwakuti sadikira masiku atatu. Bungwe la United Nations likuti amayi ndi atsikana pafupifupi 500,000 akukhala ndi fistula lero, ambiri mu Africa muno ndi ku Asia. Kale ankati oposa 2 miliyoni. Manambala akusiyana chonchi chifukwa munthu wobisala savuta kumuphonya powerenga.

Ndani amene fistula imamugwira? Tikamva funsoli timathamangira kunena kuti ana okwatiwa msanga, ndipo n'zoona. Mtsikana wa zaka 14 akhoza kutenga mimba mafupa ake a m'chiuno asanamalize kukula, makamaka ngati anakula akunyentchera. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo pa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti kampata ka chilolezo cha makolo katsekeke. Mfumu yayikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa dziko lonse kuti maukwati a ana akhoza kuthetsedwa mfumu ikafuna. Lamulo lilipo, ntchito ndi yolitsata.

Koma tisaime pamenepo, chifukwa tikatero ife a m'tauni tipumira m'mwamba n'kumati sizikutikhudza. Mayi wa ana asanu, amene anabereka onsewo bwinobwino, akhoza kupezeka ndi fistula pa mimba yachisanu ndi chimodzi, mwana akakula kwambiri kapena akagona molakwika. Ndipo pali fistula ina imene madokotala a mu Africa muno akudandaula kuti ikuchuluka: yobwera pa opareshoni penipenipo. Pochita siza kapena pochotsa chiberekero, mpeni kapena ulusi ukhoza kukhudza chikhodzodzo, kapena kampope kotsitsa mkodzo kuchokera ku impso. Zimachitika kwambiri mayi akafika mochedwa minofu itatupa kale, kapena wochita opareshoniyo akakhala kuti sanaphunzitsidwe mokwanira, watopa, zipangizo n'zoperewera. Imeneyi siiona kuti uli ndi digiri kapena umakhala ku Area chakuti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiye ngati mwachitidwa opareshoni ndipo mkodzo ukungotuluka wokha usana ndi usiku, musalole kuuzidwa kuti ndi mmene zimakhalira. Bwererani, nenani kuti mukufuna akuyezeni fistula.

Palinso yobwera chifukwa chogwiriridwa mwankhanza. Dr Denis Mukwege wa pachipatala cha Panzi ku Bukavu, m'dziko la Congo, wakhala akusoka amayi ovulazidwa motere pankhondo, ndipo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2018. Ina imabwera ndi khansa ya khomo la chiberekero ikafalikira, khansa yomwe Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko. Amene simunakayezetse khomo la chiberekero, mwamva.

Moyo wa mayi wa fistula tisautalikitse, mukhoza kuuona nokha. Khungu la m'ntchafu limasupuka ndi mkodzo. Amayamba kumwa madzi ochepa kuti asamanyowe kwambiri, koma zikatero mkodzo umakhala wamphamvu, fungo limakula, m'chikhodzodzo mumayamba miyala, impso zimavutika. Sopo amatha ngati mchere. Geni ya mandasi imafa chifukwa ndani agule? Mu minibasi sakwera. Amuna ambiri amachoka kapena kutenga mkazi wina, ngakhale alipo ena, tinene chilungamo, amene amakhala n'kumachapa nawo nsanza. Pamwamba pa zonsezi pali maliro a mwana amene palibe anamupepesa bwino, chifukwa kwathu kuno mwana wobadwa wakufa amaikidwa mwakachetechete ndi amayi okhaokha, nkhani n'kuthera pomwepo. Ena akhala chonchi zaka 10, ena 20, osadziwa kuti kuli mankhwala.

Tsono tifike pa mankhwalawo, ndipo apa tichedwepo, chifukwa ndi zimene mukafotokozere anthu.

Mayi akafika msanga, bowo likadali latsopano ndiponso laling'ono, nthawi zina mpeni sufunika n'komwe. Amamuika kapaipi ka mkodzo, kamene achipatala amati catheter, n'kukasiya kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Chikhodzodzo chikamakhala chopanda kanthu nthawi zonse, milomo ya bowo imayandikana, ndipo mwa amayi ena imalumikizana yokha. Mayi amene wavutika nthawi yaitali pobereka amayeneranso kusiyidwa ndi kapaipika kwa masiku angapo ngakhale asanayambe kudontha, pofuna kupewa. N'chifukwa chake sabata zoyambirira zija, zimene mayi amakhala akubisa nsanza ndi manyazi, ndi sabata zamtengo wapatali.

Bowo likakhala lakale kapena lalikulu, pafunika opareshoni. Amayamba amuyeza kaye. Amathira madzi a buluu m'chikhodzodzo kudzera m'kapaipi, n'kuona pomwe akutulukira. Akatero amadziwa pomwe pali bowo, kukula kwake, ndi kuchuluka kwa zipsera. Ngati mayi ali ndi magazi ochepa, zilonda kapena malungo, amayamba athana nazo zimenezo. Tsiku la opareshoni amamubaya jakisoni wa pamsana, thupi limachita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, iye ali maso koma osamva ululu. Nthawi zambiri pamimba sang'amba, amadzera njira yomweyo yodzera mwana. Dokotala amalekanitsa khoma la chikhodzodzo ndi khoma la njirayo mosamala, kuti mnofu umasuke, kenako amasoka chikhodzodzo pachokha popanda kukoka, n'kuthiranso madzi a buluu aja kuti aone ngati pakudonthabe, n'kutseka khoma linalo. Pomwe mnofu unawonongeka kwambiri, amatha kutenga mnofu wamoyo pafupi n'kuyalapo ngati chigamba. Amene munasokapo chitenje chong'ambika mukudziwa: ukakoka nsalu kuti ikumane mokakamiza, imang'ambikanso pomwepo.

Akatuluka m'menemo amakhala ndi kapaipi kaja. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza mu 2018 kuti bowo likakhala losavuta, masiku 7 mpaka 10 ndi okwanira. Lovuta amakasiya masabata awiri kapena kupitirira. Nthawi imeneyi amamwetsedwa madzi ambiri, munthu amene wakhala zaka akuwaopa madzi, kuti mkodzo uziyenda woyera ndipo kapaipi kasatsekeke. Anamwino amakayang'ana usana ndi usiku, chifukwa kakangotsekeka chikhodzodzo chimadzaza n'kuphulitsa ulusi. Ntchito ya anamwino apa ndi yolemera ngati ya dokotala yemwe.

Pa amayi 10 a bowo losavuta, 8 kapena 9 bowo limatsekeka. Koma mvetsani ichi: opareshoni yoyamba ndi imene ili ndi mwayi waukulu. Ikalephereka, yachiwiri imapeza zipsera zambiri ndi mnofu wochepa, yachitatu kuposa apo. Ndiye si ntchito yoti aliyense wodziwa kugwira mpeni ayesere. Mayi apite kwa amene anaphunzira ntchito imeneyi. Kuno kwathu, ku Lilongwe, pachipatala cha Bwaila pali malo apadera othandizira amayi a fistula, omwe amayendetsedwa mothandizidwa ndi bungwe la Freedom from Fistula Foundation, lomwe anayambitsa mayi wa ku Scotland, Ann Gloag. Chithandizo chake n'chaulere. Bwerezani mawu amenewo kwa aliyense: n'chaulere. Amene ali kutali ayambire pachipatala chachikulu cha m'boma lawo, akanene vuto lake mosabisa, ndipo amutumiza koyenera.

Luso losoka fistula lili ndi mbiri yake, ndipo ife sitingaidumphe. M'mabuku a madokotala mumatchulidwa J. Marion Sims wa ku America. Pakati pa 1845 ndi 1849, ku Montgomery m'chigawo cha Alabama, iye anayeserera opareshoni imeneyi pa akazi akuda omwe anali akapolo, popanda mankhwala oletsa ululu. Mayina atatu okha ndi amene anasungidwa: Anarcha, Lucy ndi Betsey. Anarcha anachitidwa opareshoni pafupifupi ka 30. Kapolo sakana, ndiye chilolezo chinkaperekedwa ndi amene ankati ndi eni ake. Sims anam'mangira chipilala ku New York, ndipo chinachotsedwa ku Central Park mu 2018 amayi atachita zionetsero. Tikamayamika opareshoniyi, tizitchula mayina a atsikana atatu aja. Iwonso anauzidwa kuti apirire.

Koma mbiriyi ili ndi tsamba lina lotisangalatsa. Ku Ethiopia, madokotala awiri, Catherine Hamlin ndi mwamuna wake Reginald, anafika mu 1959, ndipo mu 1974 anatsegula chipatala cha fistula yokhayokha ku Addis Ababa. Mmodzi mwa odwala awo oyambirira anali Mamitu Gashe, mtsikana wa kumudzi wa zaka pafupifupi 16, amene mwana wake anafera m'mimba. Atathandizidwa sanabwerere kwawo. Anayamba ndi kuyala mabedi, kenako kulandira odwala atsopano ndi kuwalimbitsa mtima, kenako kupatsira zipangizo m'chipinda cha opareshoni, kenako kusoka. Munthu amene sanapite kusukulu anakhala katswiri wosoka fistula, mpaka kumaphunzitsa madokotala a madigiri ochokera m'mayiko ena. Mukadzamuona mayi wokhala pamkeka wake yekha uja, dziwani kuti simukudziwa chimene dziko likutaya.

Bowo likatsekeka nkhani sinathe, ndipo apa ndi pamene mabungwe ojambula zithunzi amakonda kuzimitsa kamera. Amayi ena bowo latsekeka koma mkodzo ukudonthabe, chifukwa chotsekera chija chinawonongeka kapena chikhodzodzo chinachepa. Amafunika kuphunzitsidwa kulimbitsa minofu ya m'chiuno, ena opareshoni ina. Ochepa amene zawo zinawonongekeratu amawapatutsira mkodzo njira ina. Ena sadzaberekanso, ndipo mukudziwa mmene mudzi umamuonera mkazi wopanda mwana. Wochira amauzidwa kuti asagone ndi mwamuna kwa miyezi itatu kapena kupitirira, atenge njira yakulera kuti thupi lipume, ndipo mimba ina iliyonse akachilire kuchipatala kudzera pa siza, atapita kuchidikiro nthawi isanakwane. Malangizo abwino. Koma taganizani, akuuzidwa ndi iyeyo, pamene wosankha zochitika kuchipinda ndi wina. Mwamuna akakakamiza sabata yachitatu, ulusi umaphulika, mayi n'kubwerera pomwe anayambira, ndi mwayi wochepa kuposa poyamba. N'chifukwa chake timati abambo azikhalapo pomwe malangizowa akuperekedwa, amve ndi makutu awo. Ndipo mayi wobwerera kumudzi wopanda mpamba, ngongole zili tho, wachira theka.

Nanga tikufuna chiyani kwa olamula? Sitikupempha chifundo, zinalembedwa kale ndipo anasainira okha. Pangano la Maputo la 2003, lomwe Malawi anavomereza, limati mkazi ali ndi ufulu wa chithandizo cha uchembere chofikirika, makamaka wa kumudzi. Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 limati aliyense ali ndi ufulu wa chithandizo cha uchembere, ndipo wachipatala alemekeze wodwala ndi kumufotokozera zonse zofunika kuti asankhe yekha. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife sitifikapo. Mayiko a United Nations, ife tili momwemo, anagwirizana zothetsa fistula pofika 2030. Werengani nokha zaka zatsala. Phungu wanu akadzabwera ndi nsalu ndi ma T-shirt, mufunseni kuti ambulansi ya m'dera lake ili ndi mafuta a masiku angati, ndipo chipatala chapafupi chochita siza usiku chili pamtunda wotani. Akayamba za mpira wa bonanza, mubwezereni pa funsolo.

Kwa ife eni, ogwira ntchito ya fistula ali ndi kamwambi kawo koti dzuwa lisalowe kawiri mayi ali pa matenda. Ife tikuti ngakhale kamodziko musadikire. Matenda akayamba, nyamukani. Ndalama ya thiransipoti isungidwe mimba ikadali yaing'ono, ndipo isungidwe ndi mwini mimba, mu foni mwake kapena pamfundo ya chitenje chake. Mukakhala gadiyani wa mchemwali wanu kuchipatala ndipo maola akungopita, funsani mwaulemu koma osatopa: khomo latseguka bwanji, mwana akutsika, dokotala wamuona? Kufunsa si mwano. Mukafuna uphungu muli kunyumba, kuli Chipatala Cha Pa Foni.

Tsopano tulutsani mafoni aja. Ku Tanzania, chipatala cha CCBRT ku Dar es Salaam chinaona kuti opareshoni yaulere siithandiza munthu amene alibe ya basi. Anayamba kutumiza ndalama ya basi pa M-Pesa kwa anthu odzipereka m'midzi, iwo n'kugula tikiti, mayi n'kukwera. Amayi ofika kudzachira anachuluka. Ifenso Mpamba ndi Airtel Money tili nazo, ndipo aliyense muno ali ndi kwawo. Mayi wa fistula sali pa Facebook, sawerenga zimene tikulembazi. Koma agogo anu amamudziwa. Azakhali anu amatunga naye madzi, iye amabwera pachitsime anthu atachoka. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amadziwa khomo lake.

Ndiye tumizani uthenga kumudzi panopa, kapena muimbe madzulo ano. Funso lake ndi ili: kodi kumeneko kuli mayi amene chiberekereni, kapena chichitidwireni opareshoni, mkodzo kapena chimbudzi sizikuleka kutuluka zokha? Akati alipo, chonde, osamujambula, osaika dzina lake pa gulu la WhatsApp la banja, osapita gulu ngati mukukaona chilombo. Apite munthu mmodzi amene iye amamukhulupirira, akakhale naye pamkeka womwewo, amuuze kuti matendawa amachizika, kuti sanalodzedwe, kuti chithandizo n'chaulere. Mwina akana ulendo woyamba, poti anapitapo kwa asing'anga angapo n'kutha mbuzi, kapena anabwezedwapo kuchipatala ndi panado. Mupatseni nthawi, mubwerenso. Akavomera, akufunika ya basi, zitenje zingapo, pulasitiki yoyala pampando, sopo, kabuku kake ka kuchipatala ngati kalipo, ndi munthu wokhala naye pampando umodzi kuti kondakitala akayamba zake pakhale womuyankha.

Amene kumudzi akuyankhani kale kuti alipo, tipezeni patebulo lakumbuyo tikatha tiyi, tiwerengere limodzi ndalama ya basi. Amene mukuwerenga pa tsamba lino, tilembereni ku inbox, osati m'makomenti, ndipo mutiuze boma lokha, dzina lake lisungeni.